Malo a Mwamuna Mmodzi

Kunyumba kwathu mafomu onse ndimalemba ndine. Zinayamba ndili ku sekondale, amayi ataona kuti ndimatha kulemba zilembo zazikulu osatulukira kunja kwa timabokosi, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba monse amanditchula Kalaliki. Ndiye envelopu ya khonsolo itafika, yonena kuti aliyense wokhala m'nyumba zake alembetsenso, palibe amene anavutika n'kuitsegula. Anangoiika pa pilo wanga.

Tinali anthu anayi mu fulati ya pansanjika yachitatu: amayi, ine, ndi abambo anga awiri. Anthu a mumdadada mwathu amawadziwa ndi ntchito zawo. Adalaivala amayendetsa basi ya mumzinda, ali ndi mawu aakulu, ndipo amayamba kuseka nthabwala yawo asanaimalize. Amisiri amakonza mawotchi pa kathebulo kapansi pa masitepe a sitolo ina yaikulu. Ndi aakulu kwa Adalaivala ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bondo lawo lakumanzere silipinda bwino. Amayi, omwe amasita zovala kumalo ochapira, anamanga ukwati ndi Adalaivala ku ofesi ya boma ine ndisanabadwe, ndipo satifiketi yake ili mu felemu pabalaza. Pa satifiketi yanga yobadwira palinso dzina la Adalaivala. Koma nsidze yanga yakumanja ili ndi kachigamba ka imvi chibadwire, ndipo Amisiri ali nako pamalo omwewo.

Mmene zinayambira sindikudziwa. Ndinafunsapo kamodzi ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, amayi anangoti palibe amene anabera mnzake, n'kupitiriza kupinda mashiti. Chipinda chimodzi chinali cha Adalaivala, china cha Amisiri, zovala za amayi zinali konsekonse, ine ndinkagona pabalaza kuseri kwa katani. Amuna awiriwo amatchulana achimwene. Amakangana za mpira ndi za amene wasiya sopo m'madzi, koma za amayi sindinawamvepo akukangana. Mkati mwa nyumba sindinkaona chachilendo. Manyazi ankayambira pa masitepe. Zaka zonse za ku sekondale sindinabweretsepo mnzanga kunyumba, ndipo Amisiri akandibweretsera ambulera kusukulu ndinkauza anzanga kuti ndi anzawo a bambo.

Tsamba lachiwiri la fomu linkafuna dzina la aliyense wogona m'nyumbamo ndi ubale wake ndi mwini nyumba. Timabokosi tinali tinayi: mkazi kapena mwamuna wa mwini nyumba, mwana, kholo lokalamba, wantchito wa pakhomo. Amayi ndi ine tinakwana bwinobwino. Dzina la Amisiri ndinalilemba, koma sindinachonge paliponse. Ndinaganiza kuti ndikafunsa ku ofesi.

Ofesi ya nyumba ndi chipinda chachitali cha mabenchi okhomerera pansi. Alembi amakhala kuseri kwa galasi loboola timabowo, moti kuti akumve uyenera kukweza mawu ngati ukuitana munthu kutsidya kwa msewu. Ndinaima pamzere maola awiri. Kumbuyo kwanga kwenikweni kunali amayi okhala mu fulati ya pansi pathu, aja amene amati akamayanika zovala maso ali pakhonde lathu.

Mlembi anali mayi wa magalasi, akutafuna chingamu. Anayendetsa bolopeni pa mayina, n'kuima pa lomaliza.

"Nanga bambo awa ndi ndani?"

Ndinati amakhala nafe. Anagogoda galasi kuti sakundimva. Ndinabwereza, ndipo ndinamva amayi a pansi pathu akusiya kukupiza fomu yawo. Mlembiyo anandifotokozera ngati akulakatula ndakatulo yoloweza: wachibale wamkulu amaloledwa miyezi itatu, mlendo milungu iwiri, wochita lendi ndi mlandu wolanditsa nyumba. Ukwati ndi wa anthu awiri, satifiketi imodzi. Ndinafunsa za munthu amene wakhala m'nyumbamo zaka makumi awiri. Anati zaka sizili pa fomu.

"Ndiye ndi ndani? Anthu akudikira."

Ndinatenga bolopeni yomangiriridwa ndi chingwe pagalasipo n'kuchonga bokosi lachinayi. Palibe amene anandigwira dzanja. Ndikanatha kubwerera ndi fomuyo kunyumba kuti akuluakulu akaone okha chochita, koma zimenezo zikanafuna kuti nditembenuke n'kudutsa pamaso pa amayi aja fomu ili m'manja. Mlembi anadinda, n'kunena kuti Lachinayi la sabata yamawa kudzabwera woyendera nyumba kudzaona ngati wantchitoyo ali ndi malo akeake ogona, chifukwa lamulo limateteza antchito.

Ndinakhala nazo masiku atatu. Ndinaulula tikudya, nditayang'ana m'mbale.

Adalaivala anaseka mpaka kutsokomola. Anati ngati zili choncho ndiye achimwene achedwa kuchapa mayunifomu awo ndi zaka makumi awiri. Kenako anaona kuti akuseka okha, anaika supuni pansi. Anandiuza kuti ndibwerere ndikafufute, ndikalembe iwowo kuti ndiye wantchito, popeza mbale amatsuka kale. Ndinafotokoza kuti nyumba ili m'dzina lawo, ndipo inaperekedwa chifukwa cha satifiketi ili pakhomayo. Ndinali nditawerenganso kuseri kwa fomu: tikasintha n'kunena zoona, Amisiri adzapatsidwa miyezi itatu kuti achoke, ndipo akatipeza kuti tinanama, tidzachoka tonse.

Amayi anafunsa ngati panalibe bokosi la munthu amene anabereka naye mwana. Ndinati panalibe, ndipo kwa boma bambo anga ndi amene ali pa pepala. Anayang'ana felemu ija nthawi yaitali ngati ndi munthu amene wawatukwana.

Amisiri anamaliza kudya kaye, monga amachitira ndi chilichonse.

"Mwana walemba zomwe zinalipo," anatero. "Musamuyang'ane choncho."

Kenako anandifunsa ngati wantchito amaloledwa kumvera wailesi ya pabalaza. Akanandikalipira zikanakhalako bwino.

Loweruka tinasamutsa katundu. Kuseri kwa khitchini kuli kachipinda kosungiramo zinthu, kokhala ndi kazenera kamodzi. Tinatulutsa zidebe, njinga yanga yakale ndi makatoni a mawotchi akufa amene Amisiri amachotsamo zipangizo. Tinaikamo matiresi, n'kukhoma msomali wopachikapo jekete. Chipinda cha Amisiri chinasanduka changa. Ndinapachikamo yunifomu yanga yakale ya sukulu ndi kalendala ya maluwa kuti chioneke cha mtsikana.

Lamlungu amayi anati tiyeserere. Anakhazika Adalaivala pa mpando wa khushoni, umene kunyumba kwathu ndi wa Amisiri chifukwa ndi wokhawo wautali mokwanira bondo lawo, n'kuwauza kuti aitanitse tiyi.

"Achimwene, ngati muli ndi mpata, katiyi pang'ono."

Amayi anati kulibe bwana wopempha choncho, ndipo wantchito satchulidwa achimwene. Adalaivala anakonza kukhosi, n'kukuwa kuti tiyi ngati akuitana kondakitala, koma atamva makapu akugundana kukhitchini anadzuka kukathandiza. Tinabwereza kanayi. Amisiri anati bwana wotereyu amusiyira ntchito, chifukwa sakuwapatsa mpata woba shuga. Tinaseka tonse, ine ndemwe, ndipo nditazindikira kuti ndikuseka ndinapita kubafa kukatsegula mpopi.

Lachinayi onse atatu anapempha tchuthi kuntchito. Woyendera nyumba anafika cha m'ma teni m'mawa. Anali mayi wamkulu thupi, wa mapazi otupa, ndipo atakwera masitepe athu anaima pakhomo akupuma mwabefu, fayilo ataigwira pachifuwa. Anati wayamba ndi nsanjika zapamwamba kuti mawondo asamukanire masana. Amisiri ndi amene anatsegula chitseko, atavala epuloni ya amayi. Anaima chammbali, manja kumbuyo, ndipo anachita bwino kwambiri moti ndinayang'ana kumbali.

Mayiyo anayenda chipinda ndi chipinda. Anawerenga mabedi, anayatsa ndi kuzimitsa magetsi, anayang'ana satifiketi ya pakhoma n'kufananitsa manambala. Mu kachipinda ka kuseri kwa khitchini anakankha kazenera kuti aone ngati kamatseguka, anadina matiresi ndi chala, n'kulemba chinachake fayilo ataitsamiritsa pa firiji. Amayi anamupempha kuti akhale pansi amwe tiyi asanatsike masitepe, ndipo sanakane.

Tinakhala monga tinayeserera. Adalaivala pa mpando wa khushoni, amayi ndi mlendo pa sofa, ine pa kampando ka pakona. Amisiri analowa ndi thireyi, akukoka mwendo pang'ono, ndipo m'mawa umenewo bondo linali litawavuta chifukwa chogona pansi masiku asanu. Adalaivala anangoona mmene akuyendera, thupi lawo linachita zimene lachita kwa zaka makumi awiri. Anadzuka, analandira thireyi, n'kuwagwira pachigongono.

"Khalani apa, achimwene."

Ndipo Amisiri anakhala, chifukwa nawonso thupi lawo linazolowera. Amayi, maso ali kwa mlendo, akumufunsa za ana ake, anathira shuga supuni imodzi ndi theka mu kapu ya buluu, anatakasa, anaika piritsi la kuthamanga kwa magazi pa sosala, n'kupereka kwa Amisiri mlendo asanalandire yake. Zonsezi sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Mwa ife a m'nyumbamo, ine ndekha ndi amene ndinaziona zikuchitika.

Woyamba kuzindikira anali Adalaivala. Anatsitsa thireyi pathebulo mothamanga, kapu imodzi inagubuduka, tiyi n'kuyamba kudontha pansi, akulowera kumene kunali nsapato za mlendo. Palibe amene anasuntha. Wantchito wathu anali pa mpando wabwino kuposa yonse, kapu ili m'manja, bwana ataimirira pambali pake.

Mayiyo anayang'ana Amisiri. Anayang'ana ine. Maso ake anaima pang'ono pa nsidze yanga, n'kubwereranso kwa Amisiri, pamalo omwewo. Kenako anatsegula fayilo.

"Fomu unalemba ndiwe, eti mwanawe? Ndiye ndimve kwa iweyo. Bambo awa ndi ndani m'nyumba muno?"

Ndinamva amayi akupuma. Ndinaganiza za miyezi itatu, ndi za Amisiri akutsika masitepe ndi makatoni awo a mawotchi, amayi a pansi pathu ali pakhonde.

"Ndi wantchito wathu."

Mawuwo anamveka opepuka kwambiri m'chipindamo. Ndinaona ngati sakukwana, ngati mayiyo akudikira china. Ndiye ndinatembenukira kwa Amisiri.

"Dzuka pamenepo. Sukuona kuti tiyi watayika? Pukuta."

Sindikudziwa kumene ndinawatenga mawu amenewo. Ine amene kusukulu aphunzitsi ankandiuza tsiku lililonse kuti ndikweze mawu, tsiku limenelo ndinamveka mpaka kukhitchini.

Amisiri anaika kapu pansi bwinobwino, piritsi likadali pa sosala. Anadzuka. Chikolopa chinali kukhonde, koma sanapite kukachitenga. Anachotsa kansalu ka pa thireyi, anagwira m'mphepete mwa thebulo, n'kuyamba kugwada. Munthu wa bondo lotero sagwada kamodzi. Amayamba ndi mwendo wabwino, kenako amatsitsa winawo ndi dzanja ngati katundu wa eni. Tonse tinamva phokoso la bondolo. Anapukuta mozungulira nsapato za mlendo, mosamala, monga amapukutira galasi la wotchi, mayiyo atakweza mapazi ake otupa m'mwamba kuti awapatse malo. Adalaivala anatuluka kupita pakhonde n'kutseka chitseko. Amayi ankayang'ana manja awo.

Mlendo sanamwe tiyi. Anatseka fayilo, anathokoza, n'kunena kuti khadi la wantchito lidzabwera pa positi ndipo limakonzedwanso chaka ndi chaka. Anandipempha kuti ndimuperekeze, ndimunyamulire fayilo kuti agwire bwino chitsulo cha masitepe.

Tinatsika pang'onopang'ono, iye patsogolo, sitepe imodzi imodzi. Pokhotera pa nsanjika yachiwiri anaima kuti apume, ndipo analankhula osandiyang'ana.

"Ine ndinali nditasaina kale tili kukhitchini. Anandituma kudzaona matiresi ndi zenera. Zoti ndani amathirira ndani shuga sizili pa pepala langa."

Ndinafunsa chifukwa chimene anandifunsira funso lija. Anati ndi mzere womaliza wa fomu, wolemba ayenera kutsimikiza ndi pakamwa, ndipo mawu atatu aja anali okwanira. Anati m'nyumba zimenezi waonamo antchito ambiri ofanana ndi ana a mabwana awo, ndi makolo okalamba a zaka makumi anayi, ndipo akanati azilemba zonse zimene amaona, theka la mdadada likanagona panja.

"Koma chaka chamawa mwina sikudzabwera ine. Nsidzeyo uzidzaipaka pensulo." Analandira fayilo yake. "Ndipo bambo aja usadzawagwaditsenso. Sizinafunike."

Ndinakhala pa masitepe mpaka matako anazizira. Nditabwerera, ndinapeza Amisiri ali pa mpando wawo, thalauza atalipinda, amayi akuwathowa bondo ndi madzi otentha. Adalaivala anali atalowa, akutsuka makapu mwaphokoso. Atandiona anati a Kalaliki akwezedwa paudindo, tsopano ndi a kapitawo, koma sanaseke, ndipo amayi anawauza kuti asiye.

Masana Adalaivala anayamba kukoka matiresi kuti aibweze kuchipinda. Amisiri anawaletsa. Anati Kalaliki yemwe anawerenga kuseri kwa fomu kuti woyendera nyumba akhoza kubwera tsiku lililonse osanena, ndipo sakufuna kuti banja lichoke m'nyumba chifukwa cha bedi.

"Achimwene, sewero latha," anatero Adalaivala.

"Latha kwa inu. Ine khadi langa likubwera pa positi."

Analankhula mofatsa, osakwiya, ndipo anandipempha kuti ndiwapatsire galasi lawo loonera mawotchi ndi mawu omwewo amene amandipempha nawo masiku onse. Ndinawapatsira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma iwo anali atayamba kale kufotokozera amayi za kasitomala wina amene anabweretsa wotchi itachapidwa pamodzi ndi thalauza, ndipo mpata unadutsa. Ndinaganiza zopita ku kathebulo kawo mawa lake, kumene kulibe amayi ndi Adalaivala. Ndinafika mpaka pakhomo pa sitolo ija. Ndinawaona atawerama, galasi lili m'diso, mwendo atautambasulira pa katoni, ndipo ndinadutsa ngati ndikupita kwina.

Papita milungu itatu. Kachipinda kaja n'kakafupi kuposa munthu, moti Amisiri akagona chitseko sichitsekeka, mapazi amatulukira kukhitchini. M'mawa wachitatu chichokere woyendera nyumba uja, nditadzuka kuti nditereke madzi, ndinapeza mapazi anayi, awiri aakulu ndi awiri a amayi, okhala ndi zipsera za ayironi imene inawagwera kalekale. Kuyambira pamenepo, usiku ukakhala wa Amisiri, amayi amagona komweko. Adalaivala anawapatsa bulangete lawo lolemera, ndipo akanyamuka m'mamawa amamwa tiyi ataimirira pakhonde kuti asawadzutse. Ine ndimadumpha mapaziwo tsiku lililonse popita ku sitovu. Nthawi zina Amisiri amakhala ali maso, amandiuza kumene kuli machesi, ine ndimathokoza.

Ndimagona m'chipinda chawo, pa bedi lawo, ndipo pilo akadali ndi fungo la mafuta a mawotchi. Aka n'koyamba chibadwire kukhala ndi chitseko changachanga. Ndimatha kuvala osamvetsera ngati wina akubwera, ndimawerenga mpaka nditatopa, ndipo ndikalira palibe amene amamva. Chimene sindinauze munthu aliyense n'chakuti chitsekocho ndimachikonda, ndipo tsiku lina Adalaivala atanenanso kuti achimwene abwerere kuchipinda kwawo, ndinadzipeza ndikudikira kuti Amisiri akane. Anakana.